Nyali ya Galimoto mu Uvuni wa Mabanzi

Amalume anga, mlongo wa amayi, anagwira ntchito ku Joni zaka zoposa makumi awiri, ndipo pobwerera ku Likoma anabweretsa galimoto yoyera imene inadya pafupifupi zonse zimene anasunga. Pachilumba pathu galimoto n'zowerengeka ndipo anthu amayenda pansi, koma iwo anali ataganiza bwino. Malo ena ogona alendo ankafuna munthu wokatenga alendo ku bwalo la ndege ndi kudoko, ndipo kwa zaka ziwiri ntchitoyo inali yawo.

Ine ndinafika patchuthi Loweruka lina m'nyengo ya mwera, kuchokera ku Mzuzu kumene ndimaphunzitsa mbiri yakale. Ndinawapeza pa Chipyela atatsegula boneti, ali ndi bambo wina wokonza mafoni ndi mawailesi pamsika, amene aliyense amangomutchula kuti injiniya. Nyali yakutsogolo ya kumanzere inali itafa. Inayamba ndi kuphethira, kenako kamzere koyera kamene kamayaka ngakhale masana kanazima theka, ndipo pomalizira pake zonse zinazimiratu. Amalume anali ndi ndalama ya babu m'thumba la malaya. Awiriwo anali atatha theka la ola akupapasa kuseri kwa nyaliyo, kufunafuna chivindikiro choti apotokole kuti atulutse babu lakufalo.

"Mwafika bwino, aphunzitsi," anatero amalume, moni osaumaliza n'komwe. "Inu mumadziwa Chingerezi cha m'mabuku. Tatiuzani pamene anthu awa abisa babu."

Ndinatenga kabuku ka galimotoyo n'kuwerenga tsamba la nyali kawiri. Munalibe babu. Inali nyali ya mtundu watsopano wa LED, mmene timagetsi ting'onoting'ono timakhala titawotchereredwa pakabodi, ndipo zonse zimatsekeredwa m'chigoba chomatiratu. Kabukuko kanati nyali yotere ikafa, isinthidwe yonse.

"Yonse iti?"

"Yonse, amalume. Galasi, chigoba, mawaya, zonse pamodzi."

Injiniya anaseka mpaka kutsamira pachitseko cha galimoto. "Ndiye kuti tayala likaphwa, tizigula galimoto ina?"

Lolemba ndinaimba mafoni ku Lilongwe ndi ku Blantyre m'malo mwawo. Wogulitsa woyamba atatchula mtengo, ndinamupempha kuti abwereze, poganiza kuti wamva ngati ndikufuna nyali zonse ziwiri ndi bampala yomwe. Ayi, unali wa imodzi. Unkafanana ndi malipiro anga a miyezi itatu, osawerengera zoitumizira mpaka ku Nkhata Bay ndi kuikweza m'sitima. Wachiwiri anali nayo yakale yochotsedwa ku galimoto ya ngozi, yotsikirako pang'ono, koma anakana kulonjeza kuti ikayaka. Amalume ankamvetsera atagwira ndalama yawo ya babu ija, ndipo pomaliza anaibwezera m'thumba mwakachetechete.

Ndinakulira pakati pa anthu amene satayira chinthu chifukwa cha kachigawo kamodzi. Nyali zopopa za asodzi zinkakhala zaka zambiri, kusintha kansalu koyaka lero, kachikopa ka pampu chaka chamawa. Injini ya boti imaphwasulidwa pamchenga, pamwamba pa thumba, n'kumangidwanso tsiku lomwelo. Kuno chinthu chodula chimatanthauza chinthu chotheka kuchikonza, ndipo n'chifukwa chake munthu amalolera kuchigula. Nyali iyi inali yodula koposa zonsezo, komabe amene anaipanga anaipanga kuti pasapezeke dzanja lolowamo. Amalume sanakwiye ndi mtengo wokha ayi. Chinawapweteka n'chakuti sanaloledwe ngakhale kuona chimene chafa.

Akanatha kudikira, koma mayi woyang'anira malo ogona alendo aja anali atawauza kale mawu omveka: nyengo ya alendo ambiri ikuyamba, ndege nthawi zina imachedwa, ndipo iye sangakweze alendo m'galimoto ya nyali imodzi. Adzaiona Lachinayi masana. Ikadzapezeka chimodzimodzi, popandanso umboni wakuti yatsopano ili m'njira, ntchitoyo ipita kwa wina.

Chinthu chokha chimene amalume anali nacho chofika pa mtengo umenewo linali boti lamatabwa la ku Mbungo, limene anagula ndi ndalama zawo zoyamba za ku Joni. Iwo sankapitanso kunyanja. Botilo ankayendetsa ndi ana awiri aamuna a mlongo wawo wamkulu, amene ine ndimawatchula kuti amayi aakulu, ndipo usipa wake unkadyetsa nyumba zitatu, yathu yomwe. Madzulo a Lolemba lomwelo amalume anagwirizana pafoni ndi wamalonda wina wa kutsidya, ku Mozambique, kuti abwere Lachisanu m'mawa adzalitenge, poyembekezera kuti mgwirizanowo ukhala umboni wokwanira kwa mayi uja.

Amayi aakulu amakhala ku Khuyu, ndipo amaphika mabanzi ogulitsa pamsika. Nkhaniyi itawafika, anabwera okha wapansi, manja adakali ndi ufa.

"Achimwene, ndamva kuti boti likupita kukagula diso la galimoto."

"Achemwali, galimoto ikaima tonse taima."

"Tonse ndani? Ine sindinakwerepo. Ana anga adzapalasa chiyani, bonetiyo?"

Amalume anali ndi mfundo, ndipo amayi aakulu analinso ndi mfundo, ndipo ine, amene ndinaphunzitsidwa kuyeza mbali ziwiri za nkhani, ndinaona kuti kuyezako sikuthandiza aliyense.

Lachiwiri m'mawa ndinakwera pakaphiri ka kuseri kwa nyumba, pamene foni imagwira bwino, kuti ndifufuze ngati pali wogulitsa wina wotsika mtengo. M'malo mwake ndinapeza kanema wa bambo wina wa dziko lakutali, ali m'khitchini mwake, akulowetsa nyali ya galimoto mu uvuni ngati nkhuku. Anafotokoza kuti galasi, limene kwenikweni ndi la pulasitiki, ndi chigoba zimagwirana ndi guluu wakuda amene amafewa akatenthedwa pang'ono, kupitirira pang'ono chabe kutentha kwa madzi owira, kwa mphindi khumi. Akafewa, nyali imatseguka ngati chigoba cha nkhono. Ndinaonera kanemayo katatu, ndipo ndinatsika kaphiriko ndikuthamanga, chinthu chimene sindinachite chichokereni ku sekondale.

Injiniya anaonera kamodzi kokha, maso ake n'kuwala. "Ikangotseguka, zotsalazo ndi zanga. M'kati mwa chilichonse mumakhala bodi, ndipo bodi ndi bodi basi."

Amalume anali osakhutira. "Pakali pano galimoto ili ndi diso lakufa, koma nkhope ilipo. Mukaisungunula ikhala ndi dzenje. Ndani adzakwere ngakhale kupita kuchipatala?"

"Mukagulitsa boti, nyali iyi muitaya ndithu," ndinatero. "Tikalephera, mwataya chinthu chimene mukanataya kale. Tikatha, boti latsala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mawu mumawadziwa, aphunzitsi. Uvuniwo muupeza kuti?"

Tonse atatu tinadziwa yankho pa nthawi imodzi, ndipo amalume anabuula.

Panali chinthu chimodzi chimene sindinawauze. Bambo wa mu kanemayo ananenanso kuti opanga ena amamata ndi guluu wouma amene safewa ndi moto, ndiponso kuti munthu sangadziwe mtundu wake asanayese. Ndinaganiza kuti ndikanena zimenezo akana, ndiye ndinazisunga. Sindikunyadira, koma ndi mmene zinalili.

Lachitatu tinalawirira kumasula nyaliyo. Kuti ituluke panafunika kuchotsa bampala yonse, choncho galimoto inatsala yoyasamula kuseri kwa kashopu ka injiniya, ndipo ife tinauyamba wapansi kupita ku Khuyu. Nyaliyo inali yaikulu kuposa mmene imaonekera ili pagalimoto, yopepuka koma yovuta kugwira. Ndinaikulunga m'chitenje n'kuifungatira pachifuwa. Amayi ena amene ankachokera kumadimba anaima pambali pa njira.

"Kodi mwana wadwala?"

"Wadwala ndithu," anayankha injiniya, "tikupita naye kwa dokotala wa mabanzi."

Pofika ku Khuyu tinali titatsatidwa ndi anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, ena atasiya ntchito zawo.

Uvuni wa amayi aakulu ndi wa njerwa, woumbidwa ngati chulu, ndipo khomo lake amatseka ndi chidutswa cha lata. Amasonkha moto m'kati, njerwa zikatentha amakokolola makala onse, n'kulowetsa mabanzi. Tinawapeza akutulutsa omalizira. Ndinawafotokozera cholinga chathu mosamala, ndipo anamvetsera osandidula mawu.

"Ndiye ikatseguka, boti silipita?"

"Ikatseguka n'kukonzeka, amayi."

"Bweretsa."

Vuto linali la kutentha. Bambo wa mu kanema anali ndi kabatani kozungulira kokhala ndi manambala. Ife tinalibe choyezera chilichonse. Ndinayamba kufotokoza za madzi owira, ndi mmene tingaikire kapu ya madzi m'kati n'kumaiyang'ana, koma amayi aakulu anagwedeza dzanja.

"Mwanangu, ine ndaphika zaka zambiri kuposa zimene iwe wakhala pasukulu. Taona." Anakwinya dzanja la bulauzi mpaka paphewa, n'kulowetsa mkono wonse mu uvuni, milomo yawo ikuyenda. Ankanena pemphero lija la m'mawa limene tonse tinaloweza tili ana kutchalitchi. Asanafike patali anautulutsa. "Uwu ndi moto wa mabanzi. Ndikafika pakati, ndi wa zigumu. Ndikafika chakumapeto, ndi wokazingira mtedza. Chako cha pulasitikichi chikufuna ndimalize mpaka ameni, mkono usanandikakamize kutuluka."

Ndinafunsa kuti adziwa bwanji, poti sanaphikepo pulasitiki. Anati tsiku lina anaiwala mbale ya pulasitiki mu uvuni wa ameni ndipo anaipeza yofunda koma yosapindika, pamene ina imene inalowa pa moto wa mtedza inatuluka yopotoka. Umenewo unali umboni wabwino kuposa uliwonse umene ine ndinali nawo.

Tinadikira pafupifupi ola lathunthu. Mphindi zingapo zilizonse ankalowetsa mkono, ife tonse n'kumawerenga milomo yawo. Ulendo wachinayi anafika pafupi, anthu n'kuyamba kusuntha. Ulendo wachisanu anamaliza, nanena ameni mokweza, ndipo gulu lonse linayankha ameni ngati m'tchalitchi, kenako n'kuphulika kuseka. Injiniya anayala thabwa pansi pa uvuni kuti pulasitiki isakhudze njerwa. Amalume anainyamula okha nyaliyo, nailowetsa mofatsa, ndipo amayi aakulu anatseka ndi lata lija. Ine ndinayatsa wotchi ya pafoni.

Sindinadziwe kuti mphindi khumi zingatalike chotero. Amalume ankanunkhiza mpweya pafupipafupi.

"Kukununkha kupserera."

"Ndi shuga wa mabanzi wodonthera pansi," anatero amayi aakulu. "Khalani pansi, mukundizunguza mutu."

"Aphunzitsi, zatsala zingati?"

"Zisanu ndi imodzi."

"Foniyo ili bwinobwino?"

Foni italira, injiniya anaitulutsa atakulunga manja ndi matumba a ufa. Galasi linali losasungunuka. Analowetsa mpeni wodyera pampata wa pakona n'kutembenuza pang'ono. Palibe chinachitika. Ndinakumbukira guluu wouma uja amene ndinabisa. Anasunthira pakona ina, nakanikizanso, ndipo pamenepo tinaona ulusi wakuda ukutambasuka pakati pa galasi ndi chigoba, wofewa ngati utomoni.

"Yavomera!" anafuula injiniya. "Masupuni! Bweretsani masupuni!"

Amayi aakulu anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi masupuni onse amene anali nawo. Tinkawalowetsa limodzilimodzi pampata umene watseguka kuti usatsekekenso, ngati mmene amachitira ochotsa tayala la njinga. Titafika theka guluu anayamba kuuma, ndipo nyaliyo inabwerera mu uvuni ili ndi masupuni asanu ndi limodzi otuluka m'mbali. Ulendo wachiwiriwo galasi linachoka lonse m'manja mwa amalume. Anaima ataligwira, akuyang'ana m'kati mwa chinthu chimene kabuku kanati sichitsegulidwa, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wabwezeredwa chake.

Injiniya atapendeketsa chigobacho, munatuluka madzi. Sanali ambiri, mwina okwana supuni zitatu, ofunda ndi achikasu, koma anadontha pamchenga aliyense akuona. Kuseri kwa timagetsi kunali kabodi kaja, mbali imodzi itachita dzimbiri lobiriwira.

"Wapha nyali ndi uyu," anatero injiniya. "Koma walowera kuti, poti inali yomata?"

Anatembenuza chigobacho n'kuyamba kuchifufuza ndi chala. Kumbuyo kwake kunali timapaipi tiwiri ta labala topindikira pansi, ndipo kukamwa kwa kalikonse kunali kotsekedwa ndi chinthu chakuda cholimba. Anakanda ndi chikhadabo, nanunkhiza.

"Ili ndi phula. Phula la boti."

"Ndinatseka ndine," anatero amalume, mosabisa komanso monyadira pang'ono. "Sabata yoyamba yomwe. Ndinagona pansi n'kuona mabowo. Chinthu chodula chotere, mabowo awiri, pa fumbi la kuno ndi nyerere za kuno? Boti ukalipeza ndi bowo umatani?"

Anthu angapo anavomereza ndi mitu, chifukwa pa funso limenelo palibe wa ku Likoma amene angayankhe mosiyana. Ine ndinali nditayamba kale kufufuza pafoni, ndikuikweza m'mwamba kuti igwire. Yankho litabwera ndinaliwerenga kawiri ndisanalankhule. Timabowoto n'topumira. Nyali ikayaka mpweya wa m'kati umatentha, ikazima umazizira, ndipo chinyezi chimene chimalowa pang'onopang'ono m'mipata ya mawaya chimafunika potulukira. Opanga anasiya njira yake. Amalume anaitseka bwinobwino, mwaluso lonse la munthu wodziwa kumata boti, kenako kwa zaka ziwiri ankatsuka galimotoyo m'mawa uliwonse.

Ndinafotokoza zimenezi mofatsa mmene ndikanathera. Amayi aakulu anapukuta supuni imodzi pachitenje chawo, kenako ina.

"Ndiye mumati mugulitse boti la ana anga," anatero, "chifukwa cha phula lanu lomwe?"

Amalume anaika galasi lija pansi. Maso awo anasuntha, ndipo ndinaona kuti aganiza china.

"Ya kumanja," anatero motsitsa.

"Yatani?"

"Ndinamata zonse ziwiri."

Anazula msomali pa mtengo wa khonde ndi manja kuti akachotsere phulalo, nauyamba wa ku Chipyela. Bambo wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wa mimba yake, ankathamanga pang'ono, kuyenda pang'ono, kuthamanganso, mpaka anazimiririka kuseri kwa milambe. Amayi aakulu anaseka mpaka kukhala pansi pamphasa, misozi ili mbwe.

Masana onsewo injiniya anakhala pa kabodi kaja. Anakatsuka ndi sipiriti ndi mswachi wakale, anakayanika palata, ndipo anawotchereranso malo atatu pamene dzimbiri linadula njira ya magetsi. Lachinayi m'mawa tinalumikiza nyaliyo kugalimoto ili chitsegukire, ndipo amalume analiza injini. Ya kumanja inayaka. Ya kumanzere inangokhala. Injiniya sanadandaule. Anavala galasi lake lokuza zinthu, natsatira njirazo ndi nsonga za choyezera chake mpaka anaima pa kachipangizo kochepa ngati njere ya mpunga, kakuda mbali imodzi. Anatsanulira patebulo bokosi lake la zinthu zakufa, napeza kofanana nako m'nyali ya sola ya asodzi imene inagwera m'madzi chaka chatha. Anakasamutsa ndi kambaniro, mpweya ataugwira.

Dzuwa linali lowala kwambiri, ndiye tinafunditsa bulangete kutsogolo kwa galimoto, ine ndi injiniya n'kulowetsa mitu pansi pake.

"Lizani, akulu!" anafuula injiniya.

Kamzere koyera kanayaka konse, kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Kenako nyali yaikulu inatithira kuwala m'maso mwakuti kwa kanthawi sindinaone chilichonse. Ndinamva injiniya akukuwa pafupi ndi khutu langa, ndipo ndinazindikira kuti nanenso ndikukuwa. Amalume anatuluka m'galimoto, nalowetsa mutu wawo pakati pathu, nakhala momwemo. Amayi ogulitsa tomato anayamba nthungululu asanadziwe n'komwe kuti chachitika n'chiyani.

Koma nyali inali idakali yotseguka, ndipo kuti itsekeke guluu anafunika kufewanso. Tinabwerera ku Khuyu mofulumira, chifukwa woyang'anira uja anati afika itakwana 3 koloko. Tsikulo amayi aakulu anali ataphika kawiri, ndipo uvuni unali wotentha kuposa dzulo lake. Analowetsa mkono katatu, ndipo katatu konse anautulutsa asanamalize. Ine ndinkayang'ana wotchi. Ulendo wachinayi anatsala ndi mawu ochepa okha.

"Zakwana, amayi," ndinatero. "Kusiyana kwake n'kochepa."

"Sindinafike."

"Tichepetsa mphindi. Ndaziwerengera."

Anandiyang'ana, kenako anasuntha pakhomo la uvuni. Tinailowetsa. Itatuluka guluu anali wofewa bwino, ndipo tinafinya galasi ndi chigoba pamodzi n'kuzimanga ndi malamba a chubu cha njinga. Koma pakona ya pamwamba, imene inayandikira denga la uvuni, galasi linali litabonyoka, kadzenje kokwana chala chachikulu. Aliyense anakaona. Ndikanakonda amayi aakulu akanandikalipira.

Tinamanga nyali ndi bampala itatsala pang'ono kukwana nthawi. Mayi woyang'anirayo anafika wapansi, ali ndi ambulera ya dzuwa. Anapempha amalume kuti ayatse nyali zonse, zazifupi, zazitali ndi zokhotera, ndipo anaima kutsogolo akuphimba maso ndi dzanja. Kenako anayandikira n'kuika chala chake m'kadzenje kaja.

"Apa panatani?"

Ndinayankha ndine, poti vuto linali langa. "Ndinafulumira, mayi. Uvuni unali usanazizire."

"Uvuni?"

Injiniya anafotokoza zonse, ndi manja omwe, ndipo mayiyo anamvetsera nsidze zili m'mwamba. Atamaliza, anauza amalume kuti alozetse galimoto kukhoma la sitolo limene linali mumthunzi. Kuwala kuwiri kunagwa pakhomapo pamzere umodzi. Anakuyang'ana kwa kanthawi.

"Loweruka kubwera alendo anayi pa ndege ya masana," anatero. "Musachedwe. Ikadzaphethira ngakhale kamodzi, mudzandiuze nokha ndisanamve kwa mlendo."

Chinatsala chinali cholemera kuposa mmene ndinkaganizira. Amalume anali atapereka mawu kwa wamalonda wa kutsidya uja, ndipo foni yake sinkagwira. Lachisanu m'mawa tinapita ku Mbungo kukamudikira. Amayi aakulu anabweranso, osaitanidwa. Ana awo anali atatsitsa kale maukonde, nkhafi ndi zingwe zonse m'botimo dzulo lake, chifukwa palibe amene anawauza zosintha, ndipo zinali zitaunjikidwa pansi pa mtengo. Botilo linali lopanda kanthu, lotsukidwa.

Wamalondayo anafika pa ngalawa ya thanga ndi anthu awiri oti akapalase botilo pobwerera. Anali bambo wamtali, waulemu, ndipo anapereka moni kwa aliyense asanafunse kanthu. Amalume anavula chipewa.

"Achimwene, ndakulakwirani. Mwawoloka pachabe. Botili sindigulitsanso."

"Wina wawonjezera mtengo?"

"Ayi. Vuto limene ndinali nalo latha."

"Koma tinagwirizana. Ine ndakana boti lina kwathu chifukwa cha mawu anu."

"Ndikudziwa. Mawuwo ndinanena ndine, ndipo ndikuwabweza ndine. Ulendo wanu ndilipira, ndi wa anthu anuwa."

Bamboyo anayenda mozungulira botilo, akugogoda matabwa ndi nkhonya. Ndinaona kuti akulifunadi. Anatchula mtengo wina, wokwera kuposa umene anagwirizana. Amalume anayang'ana pansi, ndipo kwa kanthawi sindinadziwe chimene ayankhe, chifukwa tonse tinkadziwa kuti nyali yokonzedwa ndi kachipangizo ka m'nyali ya asodzi ingafe mwezi wamawa, ndipo wogula wotere sapezeka kawiri. Amayi aakulu, amene sasowa chonena, anangogwira chitenje chawo pakamwa.

"Ayi, achimwene," anatero amalume. "Ikadzafanso ndidzaona pamenepo. Lero ayi."

Wamalondayo anapukusa mutu, nalandira ya ulendo osaiwerenga, natsanzika aliyense monga anaperekera moni. Sanamwetulire, ndipo ndikukhulupirira kuti sanadzachitenso malonda ndi amalume.

Ngalawa yake itapatuka pamiyala, amalume anakhala pansi mwadzidzidzi pamphepete pa boti.

"Miyendo yakana," anandiuza motsitsa. "Imani kutsogolo kwangaku, achemwali asaone."

"Ndaona kale," anatero amayi aakulu.

Anakhala choncho mpaka mpweya unabwerera. Kenako anakweza mutu n'kuitana ana awiri a mlongo wawo aja, amene anaima patali pansi pa mtengo osadziwa ngati ayandikire.

"Inu, mukudikira chiyani? Kwezani maukondewo. Mwera wagona lero."